Kompyuta ya Fidelis ndi Chitenje cha Amayi

Mu shopu yosindikiza ya a Simasiku, kuseri kwa msewu wa Mosi-oa-Tunya mu Livingstone, munali lamulo limodzi limene Fidelis Miti ankadana nalo kuposa kutentha kwa mu Okutobala. Ntchito iliyonse, kaya khadi la ukwati, kaya chikwangwani cha loji, kaya pulogalamu ya maliro, inkayamba yasindikizidwa kope limodzi loyesera. Kopelo ankapita nalo panja, padzuwa, n'kuliyang'ana mbali zonse. Mtundu ukapendekera pang'ono pokha, ntchito inkabwerera pa kompyuta. Fidelis anali atagwira ntchito pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tisamunamizire, dzanja lake linali labwino. Malembo ankadziwa powaika, chithunzi ankadziwa pochidula. Koma anali wa mtima wapachala, ndipo matamando a makasitomala anali atamulowa m'mutu.

Mkangano unaphulika Lachiwiri lina masana, pa nkhani yoti munthu wanzeru sangatayire ntchito. Loji ina ya kufupi ndi mathithi inafuna mapepala a mndandanda wa zakudya. A Simasiku, bambo wa imvi amene sankakweza mawu ngakhale makina atatafuna pepala, analowa kuchokera panja kope lili m'manja, kachitatu tsiku lomwelo.

"Fidelis, bwela uone. Iyi gilini yayenda ku yelo."

"Ba Simasiku, ni katatu manje!" anakuwa Fidelis. "Kasitoma sazaona na kuona. Tizagona pano pa mulandu wa gilini?"

"Kasitoma sazaona, koma ine naona. Bwezapo."

Fidelis anakankha mpando mpaka unakagunda khoma. Zonse zimene anazisunga kukhosi zaka zisanu ndi chimodzi anazikhuthula pomwepo: kuti iye si mwana wa sukulu, kuti shopuyo imadyera dzanja lake, kuti dziko linapita kale patsogolo iwo akadali kuyanika mapepala padzuwa ngati ufa. Analoza monita ya mu shopumo, yakale, yokhuthala m'mbali, imene a Simasiku anaitchinga ndi katoni pamwamba kuti kuwala kusaigunde, nati ngakhale kudzala angaikane. Kenaka anatola chikwama chake n'kutuluka. Zaka zonsezo anakhala kutsogolo kwa monita imeneyo. Mwezi uliwonse ankawaona a Simasiku akuikoleka kachipangizo koyezera mitundu, koma sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti amachitiranji zimenezo. Iye ankangoti ndi matenda a ukalamba.

Kwawo ku Malota ankakhala ndi amayi ake, a Loyce, mayi wamasiye wochokera ku Katete, amene anali wapampando wa bungwe la amayi ku mpingo wawo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Atawauza kuti ntchito wasiya, ndipo ayambitsa yakeyake pabalaza pomwepo, a Loyce anangousa moyo. Mwana wawo ankamudziwa, kumuletsa atapsa mtima kunali kuthira palafini pamoto. Komanso ankamukhulupirira, monga amachitira mayi amene watsala ndi mwana mmodzi pakhomo.

Kompyuta yogula yathunthu Fidelis sankaifuna. Ankafuna kumanga yake, chiwalo ndi chiwalo, yoti a Simasiku akadzaimva mbiri yake adzasowe tulo. Ndalama zimene anasunga zinali zokwanira makina abwino amodzi basi, choncho kusankha kwake kunafunika mutu wozizira. Iye anasankha mutu uli wotentha. Anatha masiku atatu pa foni kuonera anyamata a kunja osewera magemu akuyerekedwa ndi makina awo oyaka mitundumitundu, ndipo mndandanda wake anaukopera kumeneko.

Anapita nawo kwa Nasilele, mayi wachitsikana amene anali ndi kashopu kokonza makompyuta pafupi ndi msika. Ndiye ankaitanitsa zipangizo ku Lusaka pa basi, ndipo maofesi ambiri a m'tauni ankamudalira. Nasilele anawerenga mndandandawo mosathamanga, cholembera chili m'manja.

"Pulosesa ili che bwino, bolodi nayo ili bwino," anatero. "Manje iyi khadi ya vithunzi, ba Fidelis, muzachita nayo chani? Yadya hafu ya ndalama yanu yonse."

"Ndiye yamene ili pamwamba pali pano. Nifuna mphamvu."

"Ni ya ba magemu iyi. Imwe nchito yanu ni maposita, makhadi, vitenge. Khadi ya pakati izakwana, na mphamvu izasalako. Na iyi kesi ya galasi, na mafani sikisi ya malaiti, ni va chani? Chosaniko. Onjezani lamu, ija memole ya makina, kuti mafailo yakulu yaziseguka bwino, ndiye yosala mugule monita ya zoona. Apa naona simunalembe na monita."

"Monita ni galasi chabe. Ku nyumba kuli TV, ikulu kupambana tumamonita twanu tonse."

Nasilele anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana kuti aone ngati akucheza. Sankacheza.

"TV ni yaboza, ba Fidelis. Banaipanga kuti bola izioneka bwino mu sitolo, kuti muigule. Kala iliyonse iikometsela, pamene pali mudima iwalisa. Vamene muzaona pa TV sivamene vizachoka mu pulinta. Muntu wa dizaini ayamba kugula maso, makina yabwela pambuyo. Funsani ba Simasiku, si ndiye mwenze nabo?"

Dzina limenelo linamuponda pachilonda. Anatsomphola foni yake patebulo, mitsempha ya m'khosi itatukumuka.

"Oho, banakutumani ka? Nabwela kugula ine, sininabwele ku lesoni. Sikisi yiyazi nili pa nchito ya dizaini, imwe muziba che kumasula masikuluu. Muzaoda olo niyende kwina?"

Anthu awiri amene ankadikira malaputopu awo anayang'ana pansi. Nasilele anameza malovu, natenganso cholembera chake.

"Ndalama ni yanu, nizaoda," anatero. "Koma nakamba."

Khadi ija ku Lusaka kunalibe. Inachita kuchokera ku Joni, ndipo inatenga milungu itatu. Ali kudikira choncho, ntchito yake yoyamba inabwera kudzera mwa amayi ake. Bungwe la amayi linali kukwanitsa zaka makumi anayi, ndipo amayiwo anagwirizana zosindikiza chitenje cha chikondwerero: nsalu ya buluu, mtundu wa maduku awo, yokhala ndi nkhope ya malemu Mayi Tionenji Jere, amene anayambitsa bungwelo. Kwa a Loyce nkhope imeneyi sinali ya mtsogoleri chabe. Pamene anatsika basi mu Livingstone koyamba, mwana kumsana, Chitonga osachidziwa, Chilozi osachimva, mwamuna ali kutali ku ntchito ya njanji, anali Mayi Jere amene anawapatsa mphasa ndi mbaula n'kuwatcha mng'ono wawo. Ndipo tsiku limene Mayi Jere anamwalira, ndi a Loyce amene anasambitsa thupi lawo.

Ku komiti, mlembi wa bungwe, amake Mundia, ananena mosapita m'mbali kuti ntchitoyo ipite kwa a Simasiku monga mwa nthawi zonse.

"Uyu mwana wanu angoyamba che manje, ba cheya. Ivi vintu ni vikulu. Vitenge ni thu handiledi, na bana ba malemu bazabwela kuchoka ku Ndola."

A Loyce anaimirira n'kukonza duku lawo.

"Zonse zimene a Simasiku ankatipangira zija, dzanja linali la mwana wanga. Mpatseni. Chikalakwika chilichonse musafunse wina, mudzafunse ine."

Amayi anayang'anana. Mawu a Loyce anali asanagwepo pansi pa zaka khumi ndi chimodzi zonsezo, choncho anavomera.

Zipangizo zitafika, Fidelis anayala nyuzipepala patebulo la pabalaza n'kuyamba kumanga. Apa napo timupatse zake, kumanga anamanga bwino. Pulosesa anaikhazika mosamala ngati dzira, mawaya anawabisa kumbuyo mwaukhondo, ndipo atadina batani makina anayaka ulendo woyamba womwewo. Mafani asanu ndi amodzi anazungulira, magetsi ofiira ndi obiriwira akuthamangitsana m'kati mwa galasi. Anthu oyandikana nawo nyumba anabwera kudzaona, ena n'kumajambula pa mafoni. Fidelis anajambulanso yekha n'kuika pa intaneti, nalemba pansi pake kuti nthawi ya makatoni inatha. Aliyense wodziwa nkhani anadziwa amene akunenedwa.

Analumikiza TV ija n'kuyamba ntchito. Amayi a bungwe anamupatsa duku limodzi latsopano kuti atengerepo mtundu, ndi chithunzi chakale cha Mayi Jere akumwetulira pakhomo la tchalitchi. Fidelis ankagwira dukulo pambali pa TV n'kumasintha buluu wake mpaka ziwirizo zitafanana m'maso mwake. Chimene sankadziwa n'chakuti TV ija inkaziziritsa mitundu yonse, kuikokera ku buluu, ndiye iye pofuna kulinganiza ankangowonjezera kufiira, nawonjezeranso. Chithunzi nacho chinkaoneka choyezuka chifukwa cha kuwala kwa TV, ndiye anachidetsa, nachidetsanso, mpaka pa galasipo chinakhala bwino. Makina ankamvera chilichonse m'kuphethira kwa diso, osamufunsa kanthu.

Atamaliza anaitana amayi ake amene anali kukhitchini. A Loyce anabwera akupukuta manja, naima kutsogolo kwa TV, ndipo misozi inalengeza.

"Ndi iyeyu," anatero. "Ndi Tionenji weniweni. Mwana wanga, wandichotsa manyazi."

Fidelis anatumiza ntchitoyo ku fakitale ina ya nsalu ku Lusaka. M'mawa mwake munthu wa kumeneko anaimba foni.

"Bwana, failo yanu tailandila. Koma buluu yanu yapendamila ku pepo, na chithunzi chada maningi. Lekani tipulinte mita imozi, tikutumileni pa basi, muone na maso. Ni wiki imozi che."

Nthawi inalipo, ngakhale kuti khadi ija inali itadya milungu yambiri. Akanavomera, zitenje zikanafikabe chikondwerero chisanachitike. Koma m'mawu a munthu wachilendoyo Fidelis anamva mawu a Simasiku, ndipo magazi anawira. Kodi dziko lonse linapangana zomubwezera panja, padzuwa, kope lili m'manja?

"Nili kuiona pano pamaso panga, ni buluu!" anakalipa. "Ngati makina yanu yadwala, konzani. Pulintani vamene natuma."

"Chabwino bwana. Tilembeleniko meseji kuti sampo mwaikana."

Analemba, ndi malembo aakuluakulu okhaokha, nawonjezera kuti asamuphunzitse ntchito. Amayi ake za foniyo sanawauze.

Mitolo inafika Lachinayi, chikondwerero chili Lamulungu. Anaitula pakhonde la tchalitchi dzuwa likuswa mtengo, komiti yonse ilipo. Panalinso Memory, mwana wamkulu wa malemu Mayi Jere, amene anali atangofika kuchokera ku Ndola m'mawa womwewo. Amayi anayamba nyimbo, ena nthungululu zili kukamwa. Fidelis anavala shati yoyera. Anadula yekha zingwe za mtolo woyamba, nasolola chitenje n'kuchitambasula m'mwamba kuti onse aone.

Nyimbo inazima pakati pa mzere.

Nsaluyo sinali ya buluu. Inali ya pepo wakuda, mtundu weniweni wa nsalu imene mpingo wawo umafunditsa bokosi la maliro likalowa m'tchalitchi. Pamene panayenera kukhala nkhope ya Mayi Jere panali chibanga chakuda bii, mphuno osaoneka, masaya osaoneka, kungotsala maso awiri ndi mano atayera mbuu. Ndipo chibangacho chinabwerezedwa kasanu ndi kamodzi pa chitenje chilichonse. Fidelis anataya chimenecho n'kusolola china, nang'amba mtolo wachiwiri, wachitatu. Zonse mazana awiri zinali chimodzimodzi.

"Ichi ni chani?" Amake Mundia ndiwo anayamba mwaukali. "Ba cheya, tiyenda ku jubili olo ku malilo? Bazimai banagulisa tomato pa zuba kuti bavale ichi? Nenze nakamba ine! Nenze nakamba, munanipanga monga nili na jelasi!"

Memory sanakuwe. Anatola chitenje chimodzi, nachiyala pa mawondo, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Aba ndiye bamama banga?" anafunsa motsitsa. "Bamama benze ba bwino pa nkope. Mwabapanga monga chibanda."

Anachipinda bwinobwino, nachibwezera pa mtolo, nakakhala yekha pansi pa mtengo.

Munthu wina akanagwada pomwepo. Fidelis anasankha kukuwa. Anati a fakitale ndi mbava, agwiritsa ntchito inki yotsika, awatengera kukhoti, adzaona polekera. Kuti amayi onse amve chilungamo chake, anaimba foni n'kuika pa sipika. Munthu wa ku fakitale uja anamulekerera atukwane mpaka mpweya utamuthera, kenaka anayankha mofatsa kuti anamuchenjeza, anafuna kumutumizira nsalu yoyesera, ndipo iye anakana. Anati uthenga wake aubweza pompano. Foni inalira m'manja mwa Fidelis. Amake Mundia anailanda n'kuwerenga uthengawo mokweza, liwu ndi liwu, mpaka pamene panati asamuphunzitse ntchito. A Loyce anali ataima potsamira chipilala, maso ali pa mwana wawo.

Ngakhale zinafika pamenepo, Fidelis sanagonje. Lachisanu m'mawa analawirira kwa Nasilele ndi ntchito yake pa fulashi, kufuna mboni yoti failo yake ndi ya buluu. Nasilele sanamufunse zambiri, pakuti mbiri inali itazungulira kale msika wonse. Anatsegula failoyo pa monita yake, ndipo panatuluka pepo yemwe uja ndi chibanga chomwe chija.

"Monita yanu ndiye yaonongeka," anatero Fidelis.

Nasilele anaitsegula pa laputopu ya kasitomala. Pepo. Anaitumiza pa foni yake. Pepo. Anamuuza kuti aitsegule pa foni yake iye mwini, imene inali m'thumba mwake masiku onsewo. Fidelis anatsegula, nayang'ana, ndipo naponso panali pepo yemweyo.

"Makina yanu ilibe mulandu," anatero Nasilele, ndipo tsopano ukali wake umene anaumeza tsiku lija unatuluka. "Ni ya mphamvu, yachita vonse vamene munaiuza, fasti fasti. Ni imwe mwenze simuona. Munanitukana pamaso pa bantu ati niziba che masikuluu. Hafu ya ndalama ya ija khadi sembe munagula monita na chenji pamwamba. Manje malaiti yaja yakutandizani chani?"

"Palibe vamene tingachite pofika pa Sande?" anafunsa, mawu atachepa.

"Pa Sande? Vitenge thu handiledi? Olo ba Simasiku sibangakwanise."

Anabwerera ku Malota wapansi, osafuna kukumana ndi maso a anthu mu takisi. Anapeza amayi ake atakhala pabalaza, moyang'anizana ndi makina aja. Chiyambire Lachinayi anali asanamulankhule.

"Khala apo," anatero a Loyce. Fidelis anakhala. "Alipo amene anakuchenjeza zinthuzi zisanachitike?"

"Alipo, amama."

"Angati?"

Anawerenga mumtima, ndipo chiwerengerocho chinamulemera pakamwa.

"Atatu."

"Atatu!" A Loyce anamenya tebulo mpaka galasi la makina linalira. "Ukanalakwa posadziwa, bwenzi ndikulira nawe limodzi. Munthu amalakwa. Koma anthu atatu anakutsina khutu, iwe n'kuwatukana onse, n'kundiitananso ine kuchokera kukhitchini kuti ndidzalire misozi kutsogolo kwa bodza! Unandisiya ndizikayenda m'mipingo mutu uli m'mwamba, foni ya ku Lusaka utaibisa m'thumba. Tionenji anandipatsa mphasa ndilibe pogona. Ndinamusambitsa ndi manja angawa. Lero mwana wake akundiyang'ana ngati ndafukula manda a mayi ake, chifukwa cha iwe ndi matama akowo!"

"Amama, ndidzakonza. Ndigulitsa khadiyi, ndidza..."

"Udzakonza chiyani? Zaka makumi anayi zimakwana kawiri?"

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Komiti inagwirizana kuti zitenjezo zitsekeredwe m'chipinda chosungira katundu, ndipo amayi avale zitenje zawo zakale za buluu, zosuluka zomwezo. Lamulungu m'mawa Fidelis anadzuka ataganiza kale kuti sapita kutchalitchi. Anakhala pakhonde, mutu uli m'manja. Chitseko chitatseguka anadzutsa maso. Amayi ake anatuluka atavala bulauzi yoyera, duku la buluu, ndi chitenje cha pepo chija, chositidwa bwinobwino, maso ndi mano aja ali mbuu kutsogolo ndi kumbuyo.

"Amama, chonde, vulani. Anthu akusekani."

"Andiseke. Ndinawauza kuti chikalakwika adzafunse ine. Ndiye ndikabisale m'chitenje chakale ngati sindikudziwa kanthu? Dzuka. Nyamula Baibulo langa, uziyenda pambali panga, osati kumbuyo."

Kuchokera kunyumba kwawo kukafika kutchalitchi ndi mtunda wa mphindi khumi, koma Fidelis sanayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Amayi ogulitsa makala anasiya kuyeza. Anyamata a pa malo ometera anatuluka kudzaona, ndipo mmodzi anafunsa mokweza ngati kwagwa maliro. Ena mwa iwo ndi omwe aja anabwera kudzajambula magetsi a makina ake. A Loyce ankayenda mosathamanga, kupatsa moni aliyense monga mwa masiku onse, ndipo aliyense ankayankha moniyo maso ali pa nsalu, kenaka pa Fidelis.

M'tchalitchi munali mutadzaza. Pakati pa amayi mazana awiri ovala buluu wosuluka, a Loyce okha ndiwo anali a pepo. Nthawi ya mawu a wapampando itakwana, anapita kutsogolo, koma pepala la mawu awo sanalitulutse. Analunjika pa benchi pamene panakhala Memory ndi abale ake, nagwada pa simenti, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kugwadira mwana amene anamuona akukula.

"Mwana wanga, ndakulakwira iwe, ndalakwira mayi ako, ndalakwira amayi onsewa. Ndinaika mwana wanga patsogolo pa ntchito ya bungwe. Mundikhululukire."

Memory anayamba kulira, nawagwira mkono kuti adzuke. A Loyce anadzuka movutikira. Anamasula makiyi a bungwe amene ankawamangirira m'chiuno, nawaika m'manja mwa amake Mundia. Amake Mundia, amene Lachinayi anakalipa mpaka mawu kusasa, anayesa kuwabweza, koma a Loyce anawafumbatitsa. Kenaka anayenda kudutsa mabenchi onse mpaka lakumbuyo kwenikweni, kumene kumakhala alendo ndi ochedwa, nakhala pamenepo.

Fidelis anali ataima pakhomo, Baibulo la amayi ake lili m'manja. Anafuna kukwiya monga mwa chizolowezi chake, koma anayang'ana uku ndi uku osapeza womukwiyira. Anapita kukakhala pambali pa amayi ake. Iwo anasendera pang'ono kumupatsa malo, natenga Baibulo lawo, osamuyang'ana kumaso. Kutsogolo kwaya inayamba nyimbo ya chikondwerero imene a Loyce anaiphunzitsa okha kwa miyezi iwiri, ndipo iwo sanatsegule pakamwa.

Mnyamatayu luso anali nalo, ndipo anthu omufunira zabwino sanamusowe. Anamanga chinthu champhamvu ndi chokongola, n'kukana kuikapo poonera, chifukwa choti amene anamuuza anali ena osati iye. Ndipo malipiro a liuma lake anagwera mayi amene sanasankheko ngakhale sikuluu imodzi. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.